Mnzanga akuweta akangaude mosasamala: ndimuuze bwanji popanda kudana naye?

Wa ku Rosettenville analemba kuti:

Moni nonse. Ndazengereza kwa milungu ingapo kuti ndilembe nkhaniyi, chifukwa ndikudziwa kuti ambiri mwa ife tinakula tikuona kangaude ngati chinthu chongofunika tsache kapena patapata. Ndimakhala ku Johannesburg m'nyumba imene timathandizana lendi ndi mnzanga wa kumudzi kwathu, amene tinakwera naye basi imodzi pobwera kuno. Chaka chatha iyeyu anayamba kuweta akangaude akuluakulu aubweya otchedwa tarantula. Anayamba ndi mmodzi, kenako anafika pa 7, ndipo lero atsala 5.

Kuwetako pakokha sindikutsutsana nako, ngakhale kuti kwathu munthu atakupeza ndi zoterezi m'chipinda, mbiri ya ufiti ingafike kwa amfumu dzuwa lisanalowe. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi kasamalidwe kake. Akangaude atatu ali m'makontena a ayisikilimu amene anawandandalika pawindo, pamene dzuwa la masana limawomba mwachindunji. Wina, wa mawondo ofiirira amene akuti ndi wa ku Mexico, ali m'thanki yaitali yagalasi imene kale munali nsomba, ndipo pansi pake anangowazapo dothi lochepa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ali ndi mbale ya madzi. Mnzangayo amangonyowetsa thonje akakumbukira. Pa nkhani ya chakudya, amatha mwezi osawapatsa kanthu, kenako amaponyamo tinkhululu tambirimbiri nthawi imodzi n'kutisiya momwemo. Ndalama zikamuthera amagwira mphemvu za kukhitchini, komwe ine ndimapopera Doom pafupifupi mlungu uliwonse.

Awiri amene anafa anafa motere. Anaika akangaude awiri a ubweya wopotana m'kontena imodzi, akuti kuti asamasungulumwe, ndipo m'mawa wina tinapeza mmodzi atatupa mimba, mnzake atasanduka kampira ka zotsalira. Winayo tinamupeza atagona chagada, miyendo ili m'mwamba. Mnzanga anaganiza kuti wakomoka, anamutembenuza ndi pensulo kangapo, ndipo tsiku lotsatira anali atafa.

Chimene chandichititsa kulemba lero n'chakuti kangaude wachikasu ngati lalanje, amene ndi waukali kuposa onse, anathawa ndipo tinakamupeza kuseri kwa firiji patapita masiku 4. Loweruka lililonse mlongo wake wa mnzangayu amabwera ndi mwana wa zaka 3. Kuwonjezera apo, alendo akabwera mnzangayu amatulutsa akangaudewo n'kumawayendetsa pamkono ndi pamapewa kuti ajambule mavidiyo a pa TikTok, nthawi zina atalawako mowa. Mmodzi mwa asanuwo anachita kumukumba kuthengo pamene anali pa ganyu ku Limpopo, ndipo akunena kuti mu Disembala adzatenga awiri pa basi kuti akaonetse anthu kumudzi.

Ndikupempha amene mukudziwa za nyama zimenezi mundiuze ngati ndikukokomeza, ndi zimene ziyenera kukonzedwa msanga. Ndikufunanso nzeru ya mmene ndingalankhulire naye, chifukwa ndikangoyamba amandiyankha kuti ndine wamantha ndipo kangaude sadandaula.

Woweta wa ku Pretoria anayankha kuti:

Achimwene, simukukokomeza ngakhale pang'ono. Ine ndaweta akangaude amenewa kwa zaka zambiri, ndipo mawu akuti kangaude sadandaula ndi amene apha akangaude ochuluka m'manja mwa oweta atsopano. Galu akamva ludzu amalira, nkhuku ikadwala imazyolika, koma tarantula amangokhala phee mpaka tsiku limene mudzamupeze atapinda miyendo yonse kunsi kwa thupi. Kufatsa kwake sikutanthauza kuti zinthu zili bwino.

Choyamba kukonza ndi madzi, ndipo mungathe kuchita zimenezi lero lomwe popanda kuwononga ndalama. Tengani zivindikiro za mabotolo zotakasuka bwino, muthiremo madzi oyera, muike chimodzi m'kontena iliyonse. Thonje ndi siponji zichotsedwe, chifukwa zimasunga tizilombo ndi chuku, komanso kangaude amamwa bwinobwino pa madzi oonekera ndipo wamkulu samira m'kambale kosaya. Madzi ndi ofunika kwambiri chifukwa cha mmene thupi lake linapangidwira: mfundo zina za miyendo yake zilibe minofu yoziwongola, ndipo zimawongoka ndi mphamvu ya madzi a m'thupi amene amakankhidwira m'miyendomo. Madziwo akachepa, miyendo imapindikira mkati ndipo nyamayo imalephera ngakhale kuyenda kukafika pamene pali madzi.

Chachiwiri, makontena achoke pawindo. Kontena ya pulasitiki ikakhala padzuwa imatentha ngati galimoto yotseka mawindo, ndipo nyama zimenezi kuthengo zimathawa kutentha polowa kuuna, mwayi umene m'kontena yopanda dothi mulibe. Kutentha kumene munthu amakhala bwinobwino atavala malaya okha, madigiri 22 mpaka 27, n'kokwanira kwa mitundu imene mwatchulayi. Ndikudziwa kuti mu Juni ndi Julaye usiku wa ku Johannesburg umazizira kwambiri, koma njira yabwino ndi kufunditsa chipinda chonse. Ngati agula kamphasa kamagetsi kotenthetsera, akamate m'mbali mwa bokosi, osati kunsi, chifukwa kangaude akamva kutentha amakumba kupita pansi, ndipo pamenepo amakhala akuyandikira moto umene akuuthawa.

Thanki yaitaliyo ndi msampha. Kangaude wa mawondo ofiirira, amene dzina lake la sayansi limayamba ndi Brachypelma, ndi wokhala pansi, wolemera thupi, ndipo mimba yake ndi yofewa ngati dzira lopanda chikamba. Akakwera galasi n'kugwa, ngakhale kuchokera pa msinkhu wa botolo la Fanta, mimbayo ingathe kung'ambika, ndipo magazi ake sagwirana msanga monga athu. Athire dothi mpaka malo otsala pakati pa dothi ndi chivindikiro asapitirire kwambiri utali wa kangaudeyo atatambasula miyendo. Dothi lake likhale lopanda feteleza kapena mankhwala. Ambiri timagwiritsa ntchito ulusi wa makoko a kokonati umene amagulitsa wouma ngati njerwa. Aikemonso chibade cha mphika kapena khungwa la mtengo kuti nyamayo ipeze pobisala. Chifukwa chomwechi n'chimene chimachititsa kuti kuwayendetsa pamapewa kukhale koopsa. Kangaude sazolowera mwini wake monga mwana wagalu, sapezapo chilichonse pa kunyamulidwa, ndipo mpweya wa munthu woseka pafupi naye ndi wokwanira kuti adzidzimuke n'kudumpha kuchokera paphewa kufika pasimenti.

Za amene anagona chagada uja zandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa sanali kudwala. Anali kufundula. Tarantula akamakula amavula chikopa chonse chakale, kuphatikizapo cha m'mano ndi cha kummero, ndipo kuti atero amayala kaukonde pansi n'kugona chagada. Ntchitoyi imatenga maola angapo, nthawi zina usiku wonse kwa wamkulu, ndipo akasokonezedwa amakanirira m'chikopa chakalecho. Lamulo lake ndi losavuta kukumbukira: wogona chagada musamukhudze, wopinda miyendo kunsi ali chafufumimba ndiye ali pangozi. Akatha kufundula thupi limakhala lofewa ndipo mano amaoneka oyera, choncho wamkulu sapatsidwa chakudya kwa mlungu umodzi kapena iwiri, mpaka manowo atada. Apa m'pamene tinkhululu tosiyidwa m'bokosi timasanduka adani, chifukwa timatha kudya kangaude wofewayo ali moyo. Wamkulu amakhuta ndi kankhululu kamodzi kapena tiwiri pa mlungu, ndipo chimene sanadye pofika mawa lake chichotsedwe. Tarantula wa mtundu wa ku Chile, ngati ali naye, amatha miyezi akukana chakudya popanda vuto lililonse, malinga mimba ikhale yosafota ndipo madzi alipo.

Mphemvu za kukhitchini asiyiretu. Mankhwala opha tizilombo amaphanso akangaude, ndipo mphemvu imene yayenda pamalo opoperedwa imakhala itanyamula poizoni. Inunso, achimwene, mukamapopera muzitseka chitseko cha chipinda chimene muli makontenawo. Pomaliza, aliyense akhale m'bokosi lakelake. Nyama zimenezi sizisungulumwa, ndipo mwaona kale ndi maso anu chimene chimachitika zikakumana.

Mumuuzenso kuti Brachypelma wamkazi amatha kukhala zaka zopitirira 20. Ngati ali ndi wamkazi, wadzitengera udindo umene ungadzafike mpaka mwana wa zaka 3 uja atakwatira.

Namwino wa ku Leeds anayankha kuti:

Ine za kuweta sindizidziwa, koma ndikufuna ndilankhulepo za mwanayo, chifukwa m'nkhani yonseyi iye ndi amene sanasankhe kukhala pafupi ndi nyama zimenezi.

Anthu ambiri amaopa kulumidwa kokha, koma akangaude ochokera ku America, monga wa ku Mexico ndi wa ubweya wopotanayo, ali ndi chida china. Pamimba pawo pali ubweya wosaoneka bwino ndi maso, wokhala ndi timinga, umene amaupalasa ndi miyendo yakumbuyo akaopsezedwa. Amene munayamba mwadutsa m'chitedze mukudziwa mmene zimakhalira pakhungu. Vuto lalikulu ndi pamene ubweyawo walowa m'diso, chifukwa timinga tija timachititsa kuti uzilowerabe mkati, ndipo kutupa kwake kungathe kukhala miyezi, nthawi zina mpaka kuwononga kaonedwe. Ubweyawu umatsalira m'dothi la m'bokosi ndi m'manja mwa amene wagwira, choncho mnzanuyo angathe kuupatsira kwa mwana pongomunyamula asanasambe m'manja. Ukakhala pakhungu umachotsedwa pomata selotepi n'kumatula, kenako n'kutsuka ndi sopo. Ukalowa m'diso, munthu asatikite, atsuke ndi madzi oyera ambiri, ndipo apite kwa dokotala wa maso tsiku lomwelo n'kumuuza momveka bwino kuti m'nyumba muli tarantula.

Wachikasu amene anathawayo, ngati ndi mtundu umene ndikuuganizira wotchedwa Pterinochilus murinus, ndi wa mu Africa ndipo alibe ubweya woyabwawo. M'malo mwake ndi waliwiro, sachedwa kuluma, ndipo ululu wake ndi wamphamvu kuposa wa anzake a ku America. Munthu wamkulu akalumidwa amamva ululu woopsa, amatupa, ndipo minofu imatha kukokana kwa masiku angapo. Thupi la mwana wa zaka 3 ndi laling'ono kwambiri poyerekeza ndi la bambo wamkulu, choncho zikachitika musayesere mankhwala a pakhomo, musacheke pabala kapena kumanga mwendo ndi chingwe, koma thamangirani kuchipatala. Ku South Africa kulinso nambala ya Poisons Information Helpline, yopereka malangizo pa za poizoni, imene ndi bwino kuisunga m'foni.

Chinthu chimodzi chimene sindingagonjere ndi ichi: mayi a mwanayo ayenera kudziwa kuti kangaudeyo anathawapo masiku 4. Kuwabisira n'kuwalanda mwayi wosankha okha ngati mwana wawo azibwerabe.

Malume a ku Mulanje anayankha kuti:

Mphwanga, ndawerenga zimene alemba anzangawa ndipo zonse ndi zomveka, koma ndikuona kuti mukapita nazo kwa mnzanuyo monga mndandanda wa milandu, adzakumverani ngati mmene amamvera wapolisi, ndipo mawa lake adzangotseka chitseko cha chipinda chake ndi loko. Pamenepo akangaudewo adzavutika inu osaona.

Ine ndinakhalapo ku Joni ndipo ndikudziwa mmene moyo wa kumeneko umakhalira. Munthu amadzuka mdima, amagwira ntchito yotopetsa, amabwerera m'chipinda chopanda mkazi kapena ana, ndipo zimene amapeza zonse amatumiza kumudzi. N'kutheka kuti akangaudewa ndi chinthu chokhacho chimene mnzanuyo amachitcha chake, chimenenso chimachititsa anthu kumutchula dzina pa foni. Mukamuuza kuti ndi wankhanza adzakana, chifukwa mumtima mwake sakuona nkhanza. Iye sakudziwa chabe, ndipo manyazi a imfa ziwiri zija ndi amene akumuumitsa khosi.

Mnzako akapsa ndevu m'zimire. Sankhani nthawi imene muli awiriwiri, palibe alendo ndipo palibe mowa. Musayambe ndi zolakwa zake, koma yambani ndi funso, monga kumufunsa ndalama zimene anagulira awiri anafa aja, chifukwa munthu amene sakumva za chifundo amamva za thumba. Kenako muuzeni kuti mwamva kwa woweta wina kuti wogona chagada amakhala akufundula, ndipo mumusiye aganize yekha. Zivindikiro za madzi zija mukonze ndinu, muike pamodzi naye ngati mukumuthandiza ntchito.

Komabe pa za mwana ndikugwirizana ndi anamwino. Pamenepo palibe kunyengerera, ndipo nyumbayo inunso mumalipira. Mumupatse mpata woti auze yekha mlongo wake Loweruka lisanafike, ndipo mumuuze poyera kuti akapanda kutero mudzanena ndinu. Za kupita nazo kumudzi, mungomufunsa kuti amayi ake adzayankha chiyani kumpingo anthu akadzamva kuti mwana wawo wabwera ku Joni ndi akangaude m'chikwama.

Wophunzira za chilengedwe anayankha kuti:

Ndiwonjezerepo mbali ya malamulo, imene mwina ingamugwedeze mnzanuyo kuposa zina zonse, makamaka popeza ndi mlendo m'dzikomo ndipo sangafune mlandu uliwonse pa dzina lake.

Kangaude amene anamukumba ku Limpopo ayenera kuti ndi wa gulu limene kumeneko amalitcha baboon spider. Pansi pa lamulo la National Environmental Management: Biodiversity Act la 2004, boma linatulutsa mu 2007 mndandanda wa zamoyo zotetezedwa, ndipo m'menemo muli akangaude a magulu a Ceratogyrus, Harpactira ndi Pterinochilus. Kugwira, kusunga, kunyamula kapena kugulitsa zamoyo za pa mndandandawu kumafuna chilolezo. Onani kuti wachikasu uja nayenso ndi wa gulu la Pterinochilus, choncho ndi bwino kufunsa za iye ku nthambi ya boma la chigawo cha Gauteng yoona za chilengedwe.

Musamulangize kuti akangomutaya patchire lapafupi. Akangaude amenewa amakhala zaka zambiri mu una umodzi umene anayamba kukumba ali aang'ono, ndipo wamkulu akachotsedwamo zimamuvuta kukumba wina m'nthaka youma, moti amangodyedwa kapena kuuma ndi dzuwa. Za a ku America ndiye n'zosayenera n'komwe kuwamasula m'dziko limene si lawo. Njira yabwino ndi kufunsa a SPCA ya m'dera lanu, bungwe loteteza nyama ku nkhanza, kapena akuluakulu a zachilengedwe kuti akuuzeni kumene angaperekedwe.

Za ulendo wa Disembala, gulu lonse la Brachypelma lili pa mndandanda wotchedwa Appendix II wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zamoyo zakuthengo, limene South Africa, Zimbabwe, Mozambique ndi Malawi onse analowamo. Tanthauzo lake n'lakuti kudutsa naye malire popanda zikalata n'kuphwanya lamulo, ndipo basi yochokera ku Johannesburg imadutsa pa zipata za malire pa Beitbridge, pa Nyamapanda, kenako pa Mwanza kapena pa Dedza. Ngakhale atapanda kugwidwa, masiku awiri m'chikwama chogwedezeka, m'kutentha kwa ku Tete mu Disembala, ndi okwanira kupha nyamayo asanafike n'komwe kumudzi.

Wa ku Rosettenville anayankhanso kuti:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu malume, chifukwa ndinatsata njira yanu. Lachitatu madzulo tinakhala awiriwiri ndipo ndinayamba ndi funso la ndalama. Atamva za kufundula anakhala chete nthawi yaitali, kenako anatulutsa foni n'kuyamba kufufuza yekha, ndipo ataona zithunzi za akangaude ogona chagada sanalankhulenso za mantha anga.

Makontena achoka pawindo ndipo onse ali ndi madzi. Wa ku Limpopo uja titangomuikira chivindikiro cha madzi anakhala atamiza kukamwa m'madzimo kwa mphindi zambiri, chinthu chimene chinatichititsa manyazi tonse awiri. Thanki tayidzaza ndi dothi la kokonati kupitirira theka. Mnzanga anauza yekha mlongo wake za kuthawa kwa kangaude uja pa foni ndili pomwepo, ndipo mayiyo ananena kuti mwana sabweranso mpaka wachikasuyo atachoka m'nyumba. Mnzanga wavomera kufunsa kumene angapereke wachikasuyo pamodzi ndi wa ku Limpopo, ndipo pakadali pano chivindikiro cha bokosi lake tachimanga ndi malamba awiri. Za ulendo wa Disembala anangoti aganizabe, koma dzina la Beitbridge litatchulidwa nkhope inasintha.

Pamene sitinagwirizane ndi pa kunyamula. Akuumirira kuti wa mawondo ofiirirayo ndi wofatsa ndipo anthu ake a pa TikTok amayembekezera kumuona pamkono. Chimene wavomera n'chakuti azichita zimenezi atakhala pansi pamphasa, asanamwe chilichonse, popanda kupatsira alendo, ndipo azisamba m'manja akamaliza. Ine sizinandikhutiritse, koma ndaona kuti ndisakoke chingwe mpaka kuduka pa tsiku limodzi.

Achimwene a ku Pretoria, ndili ndi funso lina. Wa ubweya wopotana amene anatsala uja wakana chakudya kawiri, pamimba pake pamene panali dazi pada bii, ndipo dzulo watseka khomo la pobisala pake ndi dothi ndi ukonde. Mnzanga akufuna kufukula kuti aone ngati ali moyo, ndipo ine ndamuletsa mpaka titamva kwa inu.

Woweta wa ku Pretoria anayankhanso kuti:

Mwachita bwino kumuletsa, achimwene. Zizindikiro zitatu zonsezo zikusonyeza kuti watsala pang'ono kufundula, ndipo kuda kwa pamimbapo ndi chikopa chatsopano chimene chikuonekera kunsi kwa chakale. Musafukule, musagwedeze bokosi, ndipo muonetsetse kuti mulibe kankhululu kotsalira m'katimo. Mbale ya madzi izikhala yodzaza nthawi zonse. Angathe kukhala motsekamo milungu ingapo, ndipo akadzatsegula yekha khomolo mudikire masiku 10 musanamupatse chakudya.